Kutumiza ndi Mvula

1. Odwala a m'dziwe

Tsiku limenelo kunacha ndi kutentha, kutentha kuja kumene ngakhale nkhuku zimayenda zitayasama. Msomali atangomaliza kusesa, mkulu wake anamupatsa kachidebe n'kumutuma kukagula nsomba kumaiwe a Apulambala.

Dzina lakuti Msomali anamupatsa ndi anzake a kusukulu. Anali mtsikana wamtali, wowonda, ndipo akakana chinthu ndiye wakana. Anali mu Fomu 3. Kwa makolo ake kunali kutali, kopanda sekondale, choncho ankakhala kwa mkulu wake ndi alamu ake. Bedi lake linali m'kachipinda kosungiramo matumba a feteleza. Munkanunkha ndithu, koma kuchokera m'menemo sukulu inali pafupi, ndipo iye sankafuna china.

Njira ya kumaiwe inkatsata mtsinje. Kale m'mbali mwa mtsinjewo munali bango ndi mitengo. Itabwera fakitale, zonsezo zinatha. Fakitaleyo inkafinya nzimbe n'kutcheza madzi ake kuti ipange mafuta othira m'galimoto. Ankati ndi mafuta abwino, omera m'munda, osadetsa mpweya. Mwina n'zoona. Koma anthufe tikamva kuti chinthu chapeza msika, mutu umaima. Aliyense anabzala nzimbe mpaka pamene phazi limayamba kunyowa, ndipo wosiyako kabango pang'ono ankamuseka kuti akuweta njoka.

Fakitale ikatcheza mafuta ake, pankatsala madzi akuda bii, onata, onunkha ngati shuga wopserera. Alimi ankangowatchula kuti tiyi. Tiyiyo ankabwera naye pa lole ya thanki n'kumuthira m'maenje a alimi. Ukamuthira pang'onopang'ono m'mizere, nzimbe zimanenepa. Vuto linali lakuti ankabwera wambiri kuposa amene munda ungamwe. Ndiye alimi anapeza nzeru yawo. Dzenje likadzaza, ankadikira mvula yamphamvu, mtsinje ukafiira ndi matope, n'kutsegulira tiyi m'menemo kuti wina asazindikire. Mchitidwe umenewu ankautcha kutumiza ndi mvula.

Apulambala anali bambo wachikulire amene anagwira ntchito ya mipope moyo wawo wonse. Atapuma pa ntchito anakumba maiwe a nsomba kumunsi kwa minda, n'kuika paipi yotenga madzi mumtsinje. Madzi ankalowa m'dziwe loyamba, n'kumasefukira m'maiwe enawo.

"Odi, Agogo!"

"Fika, mwanawe, koma uponde pang'onopang'ono. Kuno kuli odwala."

"Odwala ake ati?"

Apulambala analoza dziwe ndi chibwano. Nsomba zinali zitaunjikana pamwamba pa madzi, milomo ili yasa yasa.

"Ukuziona? Si njala imeneyi," anatero mkuluyo. "Zikufuna mpweya. Nsomba imapuma ngati iwe ndi ine, kungoti mpweya wake uli m'madzi. Feteleza amene mumathira m'nzimbe zanu amatsetserekera mumtsinje, chifukwa bango limene linkamugwira munalizula. Ndiye mwadyetsa ndere. Ndere zikakhuta zimachulukana, zikachulukana zimafa, zikafa zimawola, ndipo pakuwolapo zimamaliza mpweya wonse. Ukawayang'ana ndi madzi ndithu, koma m'kati mwake mulibe kanthu. Ameneyo ndi feteleza chabe. Tiyi wanu uja ndiye chilombo chenicheni. Chaka chatha anthu anatumiza ndi mvula. Ndinapeza maiwe onsewa ayera ndi mimba za nsomba. Ndinazituta ndi wilibala kukazikwirira, ndipo ngakhale galu wanga anakana kuzinunkhiza. Ndiye usaganize kuti wolira ndinali ndekha. Kumunsi uku kuli chipatala chimene chimapopa madzi omwewa. Kuli amayi ochapa matewera, kuli ng'ombe zakumwa. Mtsinje si ngalande ya kuseri kwa bafa, mwanangu, yakuti ukathiramo uve ndiye wathana nawo. Chimene wathira iwe kumtunda chimakafika pakhomo pa munthu."

"Nanga bwanji osatseka paipi mvula ikamabwera, Agogo?"

"Ndikatseka lero, zifa ndi kubanika dzuwa lisanalowe. Mankhwala a odwalawa ndi madzi atsopano. Waiona mitambo ija? Ikangogwa, nditsegula gudumu lonse la paipi." Apulambala anamuponyera nsomba m'kachidebe. "Chaka chino sindikuopa. Tinakhala pansi ndi alimi onse, tinagwirizana kuti zotumiza zatha. Alamu ako anandigwira dzanja pamaso pa anthu. Ndi munthu wamkulu amene uja."

2. Dzenje

Masana atatha kudya, alamu ake anatenga makiyi a thirakitala n'kuima pakhomo.

"Mlamu, tiye undiperekeze kumunda."

Tisawanamizire, alamu akewa sanali munthu woipa mtima. Ndi iwo amene anamukhomera tebulo lowerengerapo, ndipo ankakonda kumuseka kuti akadzakhala dokotala asadzawabaye jakisoni wopweteka. Koma tsiku limenelo nthabwala anali ataziiwala m'nyumba.

Dzenje la tiyi linali kumtunda kwa munda. Makoma ake anali a dothi loundira. Linali litadzaza mpaka m'milomo, pamwamba pali thovu lofiirira, ntchentche zili ng'waa. Mbali ina panali mpata wa simenti wotsekedwa ndi thabwa lolowetsa m'mizere, lokhala ndi chogwirira cha waya. Kuseri kwa thabwalo ngalande yopita m'nzimbe inali yotsekedwa ndi matumba a mchenga. Alamu anafukula masamba ouma a nzimbe ndi phazi, ndipo panaoneka ngalande ina, yowongoka, yoloza kumtsinje.

"Mvula ikalimba, ukoke thabwali. Basi. Ntchito yako ndi imeneyo."

Msomali anayang'ana thabwa, n'kuyang'ana alamu ake.

"Bwanji osathira m'munda, Alamu?"

"Munda wakhuta. Ndikathiranso, nzimbe zipsa."

"Koma Apulambala akuti munawagwira dzanja."

"Dzanja ndinagwira, koma dzenje silinamve."

Anaseka pang'ono, kuseka kouma, kenako nkhope inabwerera m'malo.

"Tamvera, mlamu, ndikuuze kamodzi. Mawa m'mawa lole ya thanki ikubwera ndi tiyi wina. Fakitale ili ndi lamulo lake: wokana tiyi, nzimbe zake zimadikira. Amakubweza kumapeto kwa mzere, nzimbe n'kumauma zili chiimire, iwe ukuziyang'ana. Ine ndikupita kukatula zimene tadulazi msewu usanaterere, ndipo anyamata aganyu ndikupita nawo. Mkulu wako ali ndi khanda, sanganyamule ngakhale ndowa. Watsala ndiwe. Nyumba imene umagonamo imayenda ndi nzimbe. Denga ndi nzimbe, nyali yako yowerengera ndi nzimbe, nsapato za kusukulu ndi nzimbe. Sindikukuwerengera ayi, ndikungokukumbutsa kumene zimachokera. Mvula yamphamvu imatsuka zonse, mawa mtsinje udzakhala ngati sipanachitike kanthu. Ndipo usaganize kuti anzathu akhala manja lende. Lero aliyense atumiza. Ukaleka iwe, mtsinje uda ndithu, koma wogwa ndikhala ine ndekha. Tsono ine pakhomo panga sindisunga woweruza milandu. Ndikabwera ndipeze dzenje lapepuka. Ndikalipeza lili chidzazire, ulongedze ubwerere kwa makolo ako, ukaweruze mbuzi kumeneko."

Sanadikire yankho. Thirakitala inalira, n'kutuluka ndi ngolo yake yodzaza nzimbe.

Msomali anabwerera kunyumba. Anapeza mkulu wake m'khitchini akuyamwitsa.

"Achemwali, mukuzidziwa zimene andituma?"

"Ndikuzidziwa. Tseka chitseko."

Msomali anatseka.

"Khala pansi, mng'ono wanga. Ine kuti iwe ubwere muno ndinachita kugwada. Abale a bambo a mwanayu anali ndi ana awo amene ankafuna bedi lomwelo, ndipo mpaka lero ena sandipatsa moni bwinobwino. Ine sukulu ndinasiyira panjira, ukudziwa. Kwathu watsala ndiwe. Ukabwerera kumene kuja, chaka sichitha usanapezeredwe mwamuna, ndipo mabuku ako adzayatsira moto. Nsomba zimaswana, mng'ono wanga, chaka chamawa zidzakhalapo zina. Sukulu ikakudutsa sibwerera. Usandiuze kuti n'zoipa, ndikudziwa kuti n'zoipa. Ukoke thabwalo, utseke maso. Tchimolo likhale lathu, ife akuluakulu."

Anayankhula motsitsa mawu, misozi ili lengelenge. Zimenezi zinamupweteka Msomali kuposa ukali wa alamu ake.

3. Thabwa

Mitambo inabwera msanga ngati yaitanidwa. Mphepo inayamba kugwedeza nzimbe, ndipo kunja kunada. Msomali anavala majombo a alamu ake, n'kufunda thumba la feteleza lopanda kanthu kumutu, ulendo wa kudzenje.

Madontho oyamba anagwa akuluakulu, akuboola thovu la pamwamba pa tiyi. Kenako mvula inakhuthuka.

Anagwada pa simenti n'kugwira waya ndi manja awiri. Thabwa linali lothina chifukwa tiyi ankalikankha kuchokera m'kati. Analigwedeza uku ndi uku. Linakwera pang'ono, mpata wolowa chala, ndipo kamzere kakuda kanatuluka pansi pake n'kuyamba kutsetsereka m'ngalande.

Anayang'ana kumunsi. Kupyola nzimbe, denga la Apulambala linkaoneka mwa apo ndi apo m'kati mwa mvula. Nthawi imeneyo agogo aja anali atatsegula kale gudumu lonse.

Msomali anaimirira, n'kuliponda thabwalo ndi jombo mpaka linabwerera pansi.

Musaganize kuti anachita zimenezi mtima uli m'malo. Anali ndi mantha kwambiri. Analira mokweza poti panalibe womumva. Ankadziwa kuti wadzitulutsa yekha m'nyumba.

Koma dzenje silinamuthokoze. Mvula inkagwera m'kati, ndipo madzi ochokera kumsewu anapeza njira yawo n'kumathiramo. Tiyi anayamba kunyambita milomo ya khoma. Msomali atazungulira mbali ya kumtsinje anaona dothi likutuluka thukuta lakuda. Anatapa matope ndi manja n'kumata. Atamata apa, panatulukira apo. Anathamangira thumba la mchenga, koma linali litamwa madzi, ndipo linangosuntha pang'ono n'kumugwetsa chagada.

Apa ndiye anagwira njakata. Akakoka thabwa, khoma lipulumuka, koma tiyi akafika kumaiwe iye asanayende ngakhale theka la njira, pakuti ngalande ija inali yowongoka ngati chingwe. Akalisiya, khoma ligumuka ndithu, kungoti lichedwako pang'ono. Kanthawi kochepa kameneko ndi kokhako kamene anali nako.

Anavula majombo chifukwa ankamulemera, n'kuliyatsa liwiro.

Podutsa panyumba, mkulu wake anali pakhonde, mwana ali kumanja.

"Wakoka?" anakuwa. "Iwe! Ndati wakoka?"

Msomali sanatembenuke.

Njira inali itasanduka kamtsinje. Masamba a nzimbe ankamucheka m'manja ndi kumaso. Anadutsa pa dzenje la mlimi woyandikana nawo, ndipo anaona mwini wake ali m'mvula, malaya atavula, akusanja matumba a mchenga pamwamba pa khoma. Thabwa lake linali lotseka. Ndiye "aliyense" wa alamu uja anali ameneyu. Mawu akuti aliyense akuchita apha mitsinje yambiri, ndipo ukawerenga bwino umapeza kuti aliyenseyo ndi wonenayo.

Anagwa, n'kudzuka. Anagwanso, n'kuchubuka bondo. Sanaime.

4. Gudumu

Anawapeza Apulambala ali pamwamba pa khoma la dziwe, madzi akutsika m'chipewa, akusekerera okha ngati mwana. Paipi inkalavula madzi mwamphamvu, ndipo nsomba zinali zitabwerera pansi.

"Wabwera kudzazonda odwala? Achira!"

"Agogo, tsekani paipi!"

"Nditseke? Mvula yakulowa m'mutu kodi?"

"Tiyi akubwera! Dzenje la alamu ladzaza, khoma likugumuka!"

Kumwetulira kunachoka.

"Wadziwa bwanji?"

"Ndikuchokera komweko. Anandituma kuti nditumize ndi mvula. Sindinakoke thabwa, koma akubwera yekha."

"Alamu ako? Omwe aja?"

"Eya, Agogo."

Mkuluyo anayang'ana dzanja lawo lamanja kwa kanthawi, ngati pali chimene chamatirira. Kenako anati, "Tiye."

Gudumu lotsekera paipi linali m'kabokosi ka simenti m'mphepete mwa mtsinje. Madzi anali atakwera kale kufika m'mawondo. Linali gudumu lachitsulo, ladzimbiri, ndipo potsegula paja Apulambala anali atalikakamiza mpaka kumapeto chifukwa cha chimwemwe. Tsopano linakana. Zala zawo zinali zopindika ndi nyamakazi, ndipo zinkangoterereka.

"Tenga chitsulo icho, chilowetse apa. Eya. Gwira uko, ine ndigwira kuno. Kankha!"

Msomali anakankha ndi mphamvu zake zonse.

"Kumanja, mwanawe! Kutseka ndi kumanja! Kodi kusukulu kwanuko amakuphunzitsani chiyani?"

Anasintha mbali. Chitsulo chinamulowa m'chikhatho. Gudumu linalira kwee, n'kusuntha pang'ono. Anatulutsa chitsulo, kuchilowetsa pena, n'kukankhanso.

Kumtunda kunamveka chiphokoso chogonthera, ngati khoma la nyumba lagwa. Onse awiri anaima. Sikunali kugunda kwa mvula.

"Usayang'ane kumeneko. Kankha!"

Choyamba kufika linali fungo, fungo lija la shuga wopserera. Kenako Msomali anaona madzi ofiira akusintha. Mzere wakuda unkabwera motsatira gombe la mbali yawo, thovu lili pamwamba, masamba a nzimbe akuzungulira m'menemo. Unawazinga m'miyendo, wofunda, wonata.

"Agogo, walowa!"

"Ndikuona. Kankha!"

Gudumu linazungulira, kuzunguliranso, kenako linaima nji. Paipi inatsokomola n'kukhala chete.

Anathamangira kumaiwe. Pakona ya dziwe loyamba panali banga lakuda limene linkakula pang'onopang'ono. Apulambala anagwetsa thumba la mchenga pa mpata wosefukira kuti tiyi asawolokere m'dziwe lachiwiri, n'kumuponyera Msomali ukonde wamtengo. Anayamba kuvuula nsomba n'kumaziponya m'dziwe linalo, mtsikana uku, nkhalamba uko. Zambiri anazipulumutsa. Zina zinawathera m'manja, ndipo pamene mvula inkachepa, pamwamba pa dziwe loyamba panali patayera mimba.

Mumtsinje munalibe wowuvula. Tinsomba ting'onoting'ono tinkayandama chagada, ndipo nkhanu zinkakwawira kumtunda kuthawa kwawo.

Apulambala anatulutsa foni m'kajumbo ka pulasitiki n'kuimba kuchipatala.

"Zimitsani pampu pompano. Musafunse zambiri, kanunkhizeni mtsinje."

Atamaliza anakhala pa chidebe chovundikira, akupuma movutika.

"Mwanawe, bwera pafupi. Maiwe awiriwa ndi ako, ukanapanda kubwera bwenzi ndikufunafuna wilibala. Koma ndikuchenjeze, usapite kunyumba ukuyembekeza kuti akakuombera m'manja. Munthu ukamuletsa kuchita choipa sakuthokoza tsiku lomwelo, ena sakuthokoza mpaka kalekale. Akakuuza kuti ndiwe wosayamika. Akakuuza kuti wakonda nsomba kuposa abale ako. Ena akakunena ndi omwe amamwa madzi amenewa. Usakawayankhe mwamwano, ndi akuluakulu ako, ndipo alamu ako nawo ali ndi chowapana pakhosi. Fakitale imene imatumiza tiyi osafunsa kuti munda umwa wochuluka bwanji nayo ili ndi mlandu wake. Koma usakalole kuti akusokoneze mutu mpaka uyambe kupepesa chifukwa chokana. Achipatala auza aofesi ya zamadzi, zimenezo n'zosachita kufunsa. Akandifunsa, ndinena zimene ndaona mumtsinje. Dzina lako sinditchula. Zotsalazo zili ndi iwe."

5. Pakhonde

Mvula inakata dzuwa litapendeka. Msomali anabwerera wapansi, bondo likuwawa, diresi itamatirira m'thupi.

Munda wa alamu ake sunali woyang'anika. Khoma la dzenje linali litang'ambika pakati. Kuchokera pamenepo mpaka kumtsinje panali msewu wakuda, wotakata, ndipo nzimbe zazing'ono zimene zinali m'njira yake zinali zitagona m'matope. Thabwa lija linali chiimire pa simenti pake, likutseka dzenje lopanda kanthu. Masamba ouma onse anali atakokoloka, ndipo ngalande yobisika ija inkaonekera kwa aliyense wodutsa mumsewu.

Thirakitala inali pabwalo. Alamu anakhala pa mpando pakhonde, matope ali mpaka m'ntchafu, kusonyeza kuti kumunda anali atafikako kale. Mkulu wake anaima pakhomo akugwedeza mwana. Pafupi ndi masitepe panali chikwama cha Msomali.

Anaima pabwalo, manja kumbuyo.

"Ndinakutuma chiyani?" anafunsa alamu. Sanakweze mawu.

"Kukoka thabwa."

"Thabwa limodzi. Mwana wa ku mkaka akanalikoka. Ukanakoka, khoma bwenzi lilipo. Nzimbe zija bwenzi zilipo. Mawa lole ikanapeza pothira. Tsopano ndiwauza chiyani akabwera? Athire m'chipewa changa?"

"Pepani za munda, Alamu. Ndinayesa kumata, zinandikanika."

"Ndiye unathamangira kuti?"

"Kwa Apulambala. Paipi yawo inali yotsegula. Anatsegula chifukwa chokhulupirira inu."

Alamu anaphethira ngati wina wawaponyera mchenga m'maso. Anayang'ana kumbali, akukukuta mano.

"Chabwino. Nsombazo zikakuphunzitse. Basi ya kwanu imanyamuka m'mawa, ugone kumene ukudziwa."

Msomali anagwada pa chikwama n'kutsegula zipi. Pamwamba panali yunifolomu yake, yosita, yopinda bwino, manja ake atalowetsedwa m'kati. Mabuku anali okulungidwa m'pulasitiki kuti asanyowe. Alamu ake sakanalongedza chonchi. Iwo akanangoponyamo.

"Achemwali, mwalongedza ndinu?"

Mkulu wake sanamuyang'ane.

"Ndinakuuza," anatero. "Ndinakuuza, mng'ono wanga."

Msomali anali atapirira mvula, bondo ndi ukali wa alamu ake, koma apa mtima unasweka. Anatseka zipi pang'onopang'ono, misozi ikugwera pa chikwama.

Asanachinyamule, kumsewu kunamveka galimoto. Inali yoyera, yaitali miyendo, ndipo inaima kaye moyang'anana ndi munda. Munthu anatsika, anayenda motsatira ngalande ija, anawerama, n'kubwerera. Kenako galimotoyo inakhotera pageti pawo.

Alamu anadzuka msangamsanga n'kutsika masitepe. Anamugwira Msomali paphewa, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo mawu awo anali ochonderera.

"Mlamu, tamvera. Ndi aofesi ya zamadzi amenewa. Khoma lagumuka lokha ndi mvula, ndipo zimenezo n'zoona, sunganame. Ngalande ija ndi ya madzi a mvula. Ine sindinakutume kalikonse. Ukanena chomwecho, chikwamachi chibwerera m'nyumba, Lolemba upite kusukulu ngati kale. Wamva?"

Msomali asanayankhe, chitseko cha galimoto chinatseguka. Anatsika mayi wovala majombo ndi jekete lonyezimira, atanyamula botolo lodzaza madzi akuda. Anapereka moni kwa onse mwaulemu, n'kuliika botololo pa sitepe.

"Ndachokera ku ofesi ya zamadzi. Chipatala chazimitsa pampu, odwala alibe madzi akumwa. Zakuti khoma lagumuka ndaona ndekha, sindifunsa. Funso langa ndi la ngalande yowongoka ija, yochokera pa thabwa mpaka kumtsinje. Ntchito yake n'chiyani?"

"Imene ija, mayi, ndi ya..."

"Bambo, inu mudikire kaye, muyankha pambuyo. Ndikufunsa mtsikanayu. Miyendo yake ikuonetsa kuti kumene kwachitikira zinthu analiko."

Alamu anakankha chikwama ndi phazi pang'ono, kuchisunthira cha kukhomo, kuti Msomali aone. Mkulu wake analeka kugwedeza mwana.

"Ndikumvetsera, mwanangu," anatero mayi uja.